MZINDA WA LONDON NDI TIMAU TONENA MALO

Munthu akayamba kuphunzira Cingerezi amathamangira maina a zinthu. Amafuna kudziwa msanga dzina la nyumba, la mtsinje, la msika ndi la njira. Kutero nkwabwino ndithu, koma pali timau tina tating'ono timene ophunzira ambiri amatipeputsa, ndipo timeneti nditimene timawapunthwitsa polankhula ndi powerenga makalata. Nchito ya timauti ndiyo kunena malo pamene cinthu ciri, kaya ciri pamwamba, kaya pansi, kaya m'kati, kaya patsidya. Munthu amene wapatsidwa mankhwala opaka pa cironda, iye nakawaika m'kamwa cifukwa cosamvetsa liu limodzi lolembedwa pa botolo, sadzapulumuka ndi maina onse amene anawaloweza pamtima. Momwemonso mboni imene inena m'bwalo la milandu kuti inaima kuseri kwa nyumba, pamene inaima kumaso kwake, ingathe kumangitsa munthu wosalakwa.

M'Cicewa cathu tiri ndi timau titatu timene timasenza nchito yaikulu yotere, ndito pa, ku ndi mu. Timati pa mudzi, ku mudzi, m'mudzi, ndipo tikafuna kulongosola bwino timaonjezera kuti pansi pa, kuseri kwa, m'kati mwa. Angerezi ali ndi timau tambiri todziimira patokha, ndipo kali konse kali ndi nchito yake.

Kuloweza timauti pa mndandanda nkobvuta, ndipo munthu amaiwala msanga. Cifukwa cake m'nkhani ino tidzatiphunzira pofotokoza mbiri ya mzinda wa London, likulu la dziko la Britain, kumene Cingerezi ciri kwao. Mzinda umenewu uli ndi zaka pafupifupi 2,000, ndipo nyumba zake zochuka sizinangomera monga bowa iai. Iri yonse inamangidwa pamene iri pa cifukwa cake, ina m'mphepete mwa madzi, ina kunja kwa linga, ina pamwamba pa citunda. Tikadziwa cifukwa cimene cinthu cinaimira pamalo pake, liu lonena malowo silidzatituluka m'mutu.

Mtsinje ndi Mlatho Woyamba

Ciyambi ca London ndi mtsinje wa Thames, umene uyenda kucokera kumadzulo kunka kum'mawa mpaka kukathira m'nyanja ya mcere. M'caka ca A.D. 43 asilikari a Aroma anaoloka nyanja kudzalanda dziko la Britain. Poyenda kunka kumpoto anapeza mtsinjewu utawachinga, ndipo anafunafuna malo oyenera kuikapo mlatho. Kumunsi mtsinje unali wotambalala ndi wa matope, ndipo kumtunda zombo za pa nyanja sizikanatha kufikako bwino. Koma pakati panali malo amodzi pamene magombe anali olimba, ndipo ku tsidya la kumpoto kunali zitunda ziwiri. Pamenepo anamanga mlatho wa mitengo, ndipo zisanapite zaka khumi amalonda anayamba kumanga nyumba zao pafupi ndi mlathowo. Mudziwo anaucha Londinium.

Ca m'caka ca 60 mfumukazi ya eni dziko, dzina lake Boudica, inaukira Aroma nitentha mudzi wonse. Koma Aroma anaumanganso pamalo pomwepo. Paja akulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo amalonda naonso sanaiwale pooloka pao.

Apa tipezapo mau awiri. Loyamba ndi “on”. Tanthauzo lake lenileni ndi pa, pamene cinthu cakhala pamwamba pa cinzake cocikhudza, monga mbale pa thebulo. Koma Angerezi amalichulanso ponena mudzi umene uli m'mphepete mwa mtsinje kapena nyanja:

London is on the River Thames.

Wophunzira asayese kuti mzindawo ukuyandama pa madzi. Liu laciwiri ndi “across”, lonena kucokera tsidya lino kufikira tsidya linalo:

The Romans built a bridge across the river.

Ndiko kuti, Aroma anamanga mlatho wodutsa mtsinje.

M'kati ndi Kunja kwa Linga

Ca m'caka ca 200 Aroma anazinga mzinda wao ndi linga la miyala lautali wa mailosi awiri, ndipo zigawo zina za lingalo zikali ciimire mpaka lero. Ulamuliro wa Aroma unatha ca m'caka ca 410, mzinda nusanduka bwinja. Pambuyo pake kunafika mitundu ina yocokera kutsidya kwa nyanja, ku maiko amene lero ndi Germany ndi Denmark, ndipo iyo ndiyo inadza ndi cinenero cimene cinabala Cingerezi. Anthu amenewa anamanga mudzi wao wa malonda kunja kwa linga, ca kumadzulo. Koma kunabuka ankhondo a m'ngalawa ochedwa Vikings, amene anali kufunkha midzi ya m'mphepete mwa madzi, ndipo anthu anaona kuti kunja kulibe kobisala. M'caka ca 886 Mfumu Alfred anakonzetsa linga lakale lija, anthu nabwerera m'kati.

Kunja kwa cinthu Angerezi amati “outside”, ndipo m'kati mwake amati “inside”:

First they lived outside the wall. Later they lived inside the wall.

Dera limene linali m'kati mwa linga mpaka lero lichedwa the City, ngakhale liri kacigawo kakang'ono ka London yense. M'menemo ndimo muli nyumba zazikulu za ndalama, monga Bank of England, imene inayamba m'caka ca 1694:

The Bank of England is in the City.

Liu lakuti “in” ndilo mu wathu uja, monga m'nyumba, m'mudzi, m'dziko. Koma apa pafunika kucenjera. Ife timati munthu ali ku London, ndipo timatinso munthu apita ku London, ku wake ndi mmodzi yemweyo. Mngerezi amasiyanitsa. Munthu akakhala ali komweko amati “He is in London”, koma akakhala pa ulendo wonka kumeneko amati “He is going to London”.

Mzinda wa Mitu Iwiri

Mfumu Edward, amene anayamba kulamulira m'caka ca 1042, anamanga chalichi cacikulu pa kacisumbu ka m'dambo, ngati mailosi awiri kumtunda kwa mtsinje kucokera ku linga, namanganso nyumba yake yacifumu pomwepo. Malowo anachedwa Westminster, ndiko kunena chalichi ca kumadzulo, pakuti m'kati mwa linga munali kale chalichi ca St Paul's, cimene cinayamba m'caka ca 604. Chalichi ca Edward cinapatulidwa mu December 1065, ndipo patapita masiku owerengeka iye anamwalira. M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings, nalongedwa ufumu m'chalichi comweco pa tsiku la Krisimasi. Kuyambira pamenepo mafumu a dzikolo amalongedwa ufumu m'Westminster Abbey. Mfumukazi Elizabeth II inalongedwa m'menemo m'caka ca 1953, ndi Mfumu Charles III m'caka ca 2023.

William anali mlendo wolankhula Cifalansa, ndipo sanawakhulupirire anthu a m'London. Ca m'caka ca 1078 anayamba kumanga nsanja yolimba ya miyala pa ngondya ya kum'mawa ya linga, pambali pa mtsinje. Nsanjayo inali ndi nchito ziwiri, kuchinga adani obwera ndi zombo, ndi kuopsa eni mudzi kuti asaukire mfumu. Imeneyi ndiyo Tower of London. M'zaka za pambuyo inagwiranso nchito ya ndende, ndipo Anne Boleyn, mkazi wa Mfumu Henry VIII, anadulidwa mutu kumeneko m'caka ca 1536. Lero musungidwa zisoti zacifumu. Pambali pa cinthu Angerezi amati “beside”:

The Tower of London is beside the river.

Motero London anakula ndi mitu iwiri, cuma kum'mawa ndi ufumu kumadzulo. Njira yolumikiza mituyi inali mseu wa m'mphepete mwa madzi wochedwa Strand, ndipo akuluakulu ofuna kuyandikira mfumu ndi amalonda omwe anamanga nyumba zao m'mbali mwake. Kwa zaka mazana ambiri kunali mwambo wakuti mfumu ikafika pa malire a City pa tsiku lalikulu iime, ndipo mkulu wa mzindawo, Lord Mayor, ailonjere poipatsa lupanga.

The Strand was the road between the City and Westminster.

Liu lakuti “between” linena pakati pa zinthu ziwiri, cina uku cina uku. Zinthu zikakhala zambiri zozungulira, monga munthu pakati pa khamu, liu lake ndi “among”.

Mlatho wa Nyumba

Milatho ya mitengo inali kupsa ndi kukokoloka kawirikawiri. M'caka ca 1176 wansembe wina, Peter wa ku Colechurch, anayamba kumanga mlatho wa miyala, ndipo nchitoyo inatha m'caka ca 1209, mwini wake atamwalira kale. Pa mlathowo anamangapo nyumba zogonamo ndi masitolo, ndipo ndalama zimene okhalamo anali kulipira ndizo zinali kukonzera mlatho ukaonongeka. Njira ya pakati inali yopapatiza, kotero kuti ngolo, ziweto ndi anthu zinali kukankhana tsiku lonse. Nsanamira za mlathowo zinali zambiri ndi zonenepa, mwakuti zinali kuchinga madzi monga biyo la nsomba, ndipo madzi anali kupyola m'mipata yake mothamanga ngati pa mathithi. Anthu ambiri opalasa mabwato anamira poyesa kupita pansi pake. Pamwamba pa cipata ca kumwera anali kupacika mitu ya anthu onyongedwa pa mlandu woukira mfumu, kuti olowa m'mzinda aone.

Pa mlatho umodzi womwewu tingaphunzirepo mau anai:

There were houses on the bridge.

People walked over the bridge.

Boats went under the bridge.

The heads were above the gate.

“On” taliona kale, ndilo la cinthu cokhala pa cinzake cocikhudza. “Over” ndilo kupita pamwamba podutsa. “Under” ndi pansi pa, ndipo “above” ndi pamwamba pa cinthu, kumtunda kwake, monga nyale yolendewera pamwamba pa thebulo.

Pakati pa mzinda panalibe mlatho wina kufikira caka ca 1750, pamene anatsegula Westminster Bridge. Mlatho wa Peter unagwira nchito zaka zoposa 600, ndipo watsopano unalowa m'malo mwake m'caka ca 1831. Umenewunso utayamba kutitimira anaugulitsa kwa munthu wacuma wa ku America m'caka ca 1968, iye nanyamula miyala yake kukaumanganso ku Arizona. London Bridge imene iripo lero inatsegulidwa m'caka ca 1973.

Moto wa 1666

Caka ca 1665 cinali ca maliro m'London, pakuti mliri unapha anthu oposa 68,000. Anthu asanapukute misozi, usiku wa pa 2 September 1666 moto unabuka m'nyumba ya munthu wophika buledi m'kanjira kochedwa Pudding Lane, pafupi ndi mlatho. Nyumba za masiku amenewo zinali za matabwa, zomangidwa mothithikana. Kunali kouma cifukwa ca cirimwe, mphepo inali kuomba kucokera kum'mawa, ndipo m'mphepete mwa mtsinje munali nkhokwe za mafuta, phula ndi malasha. Moto unayaka masiku anai, nutentha nyumba zoposa 13,000, machalichi 87, ndi chalichi cacikulu ca St Paul's comwe.

The houses were next to each other.

Pudding Lane is near London Bridge.

“Next to” anena za zinthu zoyandikana kwenikweni, popanda cina pakati pao. “Near” ndi pafupi cabe, ndipo mpata ungathe kukhalapo. Ife amene tidziwa nyumba za udzu tidziwanso kusiyana kwa mau awiriwa pa tsiku la moto.

Moto utazima kunaikidwa lamulo lakuti nyumba zatsopano zimangidwe ndi njerwa kapena miyala. Pofuna kukumbukira tsokalo anaimika cipilala cochedwa the Monument, cotalika mapazi 202, ndipo mtunda wocokera pa tsinde lake kufika pamene moto unayambira ulinso mapazi 202. Munthu wofuna kufika pamwamba akwera makwerero 311 a m'kati mwake. Mmisiri wamkulu Christopher Wren anamanganso machalichi ambiri, ndipo coposa onse ndi St Paul's catsopano, cimene anaciyamba m'caka ca 1675 nicitha patapita zaka 35. Ciri pa citunda cimodzi ca ziwiri zija zimene Aroma anazipeza. Denga lake ndi lozungulira ngati mphika wobvundikira, ndipo pamwamba penipeni pali mtanda, mapazi 365 kucokera pansi. Pamwamba penipeni amati “on top of”:

The cross is on top of the cathedral.

Nyumba ya Malamulo

Mafumu analeka kugona m'nyumba yao ya ku Westminster moto utaononga mbali yake m'caka ca 1512, koma aphungu anapitiriza kusonkhana m'menemo. Kuyambira ca m'caka ca 1547 aphungu oimira anthu wamba anali kukumana m'kachalichi ka m'nyumba yomweyo, mmene mipando inali yopenyana, ina mbali iyi ina mbali iyo. M'kupita kwa nthawi a Boma anazolowera kukhala mbali imodzi, ndi otsutsana nao mbali inayo.

Pa 16 October 1834 anchito anali kutentha m'ng'anjo timitengo takale timene akalembera a Boma anali kuwerengera ndalama. Moto unakula nunyeketsa pafupifupi nyumba yonse, koma cipinda cacikulu ca Westminster Hall, cimene cinayamba kumangidwa m'caka ca 1097, cinapulumuka. Nyumba imene tiiona pa zithunzi lero inamangidwa ndi Charles Barry, mothandizana ndi Augustus Pugin, ndipo mipando yopenyana ija anaisunga. Mabomba ataononga cipinda ca aphungu m'caka ca 1941 anacimanganso mwa maonekedwe omwewo, nacitsegula m'caka ca 1950.

The two sides sit opposite each other.

“Opposite” ndiko kupenyana, pakati pali mpata, mseu kapena mtsinje. Patsidya pa mtsinje, mopenyana ndi Nyumba ya Malamulo, pali cipatala ca St Thomas, ndipo liu lake ndi lomweli.

Pa ngondya ya kumpoto pali nsanja ya wochi yaikulu imene inayamba kuyenda m'caka ca 1859. Anthu ambiri amaicha nsanjayo Big Ben, koma dzinali ndi la belu lalikulu la m'kati mwake, lolemera matani oposa 13. Nsanjayo inapatsidwa dzina lakuti Elizabeth Tower m'caka ca 2012. Cifukwa cake kunena kolondola ndi kwakuti “Big Ben is in the tower”.

Pafupi pomwepo pali kamseu kochedwa Downing Street, kumene kuli nyumba ya Nduna Yaikulu. Robert Walpole ndiye anayamba kukhalamo m'caka ca 1735.

The Prime Minister works at 10 Downing Street in London.

Liu lakuti “at” limaloza malo amodzi enieni, monga nambala ya nyumba, khomo kapena siteshoni, pamene “in” linena dera lalikulu lozinga malowo. Onse olemba makalata ofunsira nchito ayenera kugwiritsa lamulo limeneli.

Pansi pa Nthaka

M'caka ca 1801 anthu a m'London anali pafupifupi 1,000,000, ndipo patapita zaka 50 anaposa 2,000,000. Nyansi zao zonse zinali kuthira m'mtsinje, ndipo m'mtsinje momwemo ambiri anali kutengamo madzi akumwa. Nthenda ya kolera inapha anthu zikwizikwi. M'caka ca 1854 dotolo wina, John Snow, anaonetsa kuti anthu a dera lina anali kufa cifukwa ca madzi a pa mjigo umodzi wa pa Broad Street. M'cirimwe ca 1858 mtsinje unanunkha kotero kuti aphungu analephera kupirira m'nyumba yao, ndipo m'masiku owerengeka anabvomereza ndalama zokonzera zinthu. Mmisiri Joseph Bazalgette anakumba ngalande zazikulu za njerwa pansi pa nthaka, zonyamula nyansi kukazitaya kumunsi, kutali ndi mzinda. Pamwamba pa ngalande ina anamanga mseu wotsata mtsinje, Victoria Embankment, umene unatsegulidwa m'caka ca 1870. Kutsata m'mbali mwa cinthu cacitali amati “along”:

The Embankment runs along the river.

Zimenezi zisanacitike, Marc Brunel ndi mwana wake Isambard anali ataboola kale njira pansi pa mtsinje weniweniwo. Anaiyamba m'caka ca 1825, madzi anawalowerera kangapo ndipo anchito ena anafa, koma inatsegulidwa m'caka ca 1843, ndipo masitima apitamo mpaka lero. Popeza miseu inali yodzaza, njanji nayonso inatsikira pansi. Pa 10 January 1863 sitima yoyamba ya pansi pa nthaka inayenda kucokera ku Paddington kufika ku Farringdon, yokokedwa ndi injini ya nthunzi imene inadzaza njira ndi utsi. Masitima a magetsi anayamba m'caka ca 1890. Kulowa mbali ina ndi kutulukira mbali inzake amati “through”:

The train goes through the tunnel under the river.

Kum'mawa kunafunikanso mlatho, koma mlatho wamba ukanachinga zombo zobwera ku doko. Cifukwa cake Tower Bridge, imene inatha m'caka ca 1894, inamangidwa kuti mseu wake uzigawika pakati ndi kunyamuka cikafika combo cacitali. Alendo ambiri amaiyesa London Bridge, koma imeneyi ndi ina, ndipo iri pambali pa nsanja ya William ija.

Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse ndege za Germany zinaponya mabomba pa London kuyambira September 1940 mpaka May 1941. Anthu zikwi zambiri anali kugona m'masiteshoni a pansi pa nthaka. Liu lakuti “below” ndilo mnzake wotsutsana ndi “above”, ndipo linena kunsi:

The people slept below the streets.

Bwalo la Trafalgar

Bwalo lalikulu la pakati pa mzinda lichedwa Trafalgar Square, pokumbukira nkhondo ya pa nyanja ya m'caka ca 1805, imene Angerezi anagonjetsa zombo za France ndi Spain, koma kazembe wao Nelson anafera pomwepo. Ciboliboli cake anaciika pamwamba pa cipilala cacitali m'caka ca 1843, ndipo mikango inai ya mkuwa inaikidwa pa tsinde lake m'caka ca 1867. Kumpoto kwa bwalo kuli National Gallery, nyumba yosungira zithunzi zojambula pamanja, ndipo kuseri kwake kuli inanso yosungira nkhope za anthu ochuka.

Nelson's Column is in front of the National Gallery.

The National Portrait Gallery is behind the National Gallery.

“In front of” ndi kumaso kwa, ndipo “behind” ndi kuseri kapena kumbuyo kwa. Kucokera pa bwaloli mseu wa Whitehall utsikira ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mseu wa the Mall ufika ku Buckingham Palace. Nyumba imeneyi inamangidwa m'caka ca 1703 ngati ya mkulu wina wacuma, ndipo Mfumukazi Victoria ndiyo inayamba kuiyesa likulu lake m'caka ca 1837. Kumapeto kwa mseu amati “at the end of”:

Buckingham Palace is at the end of the Mall.

Mapazi a Kwathu

M'malo ena a mzinda umenewu muli mbiri yathu yomwe. David Livingstone anamwalira mu May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anyamata ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumitsa mtembo, naunyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mcere. Unaikidwa m'Westminster Abbey pa 18 April 1874.

His heart was buried under a tree. His body was buried in the Abbey.

M'mbali mwa the Mall muli nyumba ziwiri zimene maina ake anamveka m'midzi yathu pa nthawi yomenyera ufulu. Mu Lancaster House munacitika msonkhano wa m'caka ca 1960, umene Dr Banda ndi atsogoleri ena anapangana ndi Boma la Britain za cisankho ca 1961. Mu Marlborough House munacitika wina mu November 1962, umene unatsegula njira yakuti dziko lidzilamulire lokha, ndipo ufulu wa Malawi unafika pa 6 July 1964. Nyumba yacifumu yakale ya St James iri pakati pa ziwirizi.

Pa ngondya zinai za Trafalgar Square pali matsinde a miyala oimikapo ziboliboli. Limodzi linakhala lopanda kanthu zaka zoposa 150, ndipo kuyambira m'caka ca 1999 anayamba kuikapo nchito za amisiri mosinthanasinthana. Kuyambira September 2022 kufikira caka ca 2024 panaima ciboliboli copangidwa ndi Samson Kambalu wa ku Malawi, coonetsa John Chilembwe atabvala cipewa, ali pamodzi ndi mmishonale John Chorley. Mmisiriyo anatengera cithunzi ca m'caka ca 1914, masiku amene munthu wakuda anali kukakamizidwa kubvula cipewa pamaso pa Mzungu, ndipo anamkuza Chilembwe kuposa mnzakeyo.

Chilembwe stood on the fourth plinth in Trafalgar Square.

Mau Otsiriza

Taona kuti London anayamba pa mlatho, nabisala m'linga, natulukira kumadzulo potsata mfumu, ndipo malo atacepa anatsikira pansi pa nthaka. Pa gawo liri lonse la mbiriyi tapezapo liu lake. Koma munthu sadziwa khasu poliyang'ana. Tsono inu owerenga, tengani pepala mujambule mudzi wanu, muikepo mtsinje, sukulu, msika, citsime ndi nyumba ya mfumu. Pamenepo mulembe ziganizo zisanu m'Cingerezi, conena cimene ciri pafupi ndi sukulu, cimene ciri kuseri kwa msika, cimene ciri patsidya pa mtsinje, cimene ciri pansi pa mtengo wa pabwalo, ndi cimene ciri pakati pa nyumba yanu ndi citsime. Mufunsenso akulu a m'mudzi cifukwa cimene zinthuzo zinamangidwira pamene ziri, pakuti mudzi uli wonse uli ndi mbiri yotere. Liu likakubvutani pitani nalo kwa mphunzitsi wanu osacita manyazi, pakuti safunsa anadya phula.